Mkanjo Wakuda Umene Unadya Ng'ombe za Mbumba

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Ndili ndi ulemu waukulu kukupatsani moni m'dzina la Iye amene amasunga mpweya wa munthu. Ine ndine Simiyoni Mbewe, wokhala ku Eriya 4 muno mu Lilongwe, amene ambiri a inu mumandizindikira ndi dzanja langa lamanja lopindika. Potsatira pempho la ena amene akhala akundifunsa chimene chinaononga dzanja limeneli, ndiponso poona kuti makolo ambiri akudandaula kuti anataya chuma pophunzitsa ana maphunziro osabweretsa ntchito, ndaona kuti n'koyenera kupereka umboni wanga molemba. Mwachidule nkhani ndi iyi: ndinagulitsa ng'ombe za mbumba yathu kuti mwana wa mlongo wanga akaphunzire ku koleji, ndipo chifukwa cha maphunziro amenewo ndinamenyedwa kawiri. Kachiwiriko anandikokera ku mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ndi cholinga choti akandiphe.

Zimenezi zinachitika m'masiku a Chitaganya, pamene dziko lino linamangidwa mtolo umodzi ndi maiko a Rodeshiya. Achinyamata adziwe kuti kumene kuli nyumba zitalizitali za maofesi lero kunali tchire ndi minda. Tauni yonse inali msika, masitolo a amwenye, mzikiti, mlatho, ndi maofesi a azungu kutsidya kwa mtsinje. Ine ndinali telala. Makina anga osokera ankakhala pa khonde la sitolo ya mmwenye wina, a Karimu, kotero kuti munthu akagula nsalu m'kati ankangotuluka n'kuipereka kwa ine. Sukulu sindinapite nayo patali. Kalembedwe kamene mukuonaka ndinadziphunzitsa ndekha poonera makalata a m'maofesi amene anthu ankaiwala m'matumba a majekete obwera kudzasokedwa.

Atsibweni athu atamwalira, ine ndinakhala mwini mbumba, ndiye kuti woyang'anira mlongo wanga Nambewe ndi ana ake, pamodzi ndi khola la ng'ombe limene makolo anatisiyira kumudzi. Ng'ombezo sizinali zanga ndekha, zinali za bere lathu lonse. Woziweta anali mng'ono wanga Malizani, munthu wa mapewa aakulu ndiponso wa mawu ochepa. Iyeyu anali ataphunzitsa mafule awiri kukoka ngolo, ndipo mtima wake wonse unali pakuti azidzanyamula fodya wa anthu kupita naye ku msika.

Filipo, mwana woyamba wa Nambewe, anakhoza mayeso onse amene analipo m'dziko muno, ndipo anaitanidwa ku koleji ina ya kunja, kutsidya kwa Zambezi, pakuti kuno kunalibe sukulu yotere. Amishoni analonjeza kulipira mbali ina. Ulendo, zovala, mabuku ndi chakudya zinatsalira ife. Ndinaitanitsa mbumba kuti tikambirane, ndipo Malizani ndiye anafunsa mwanayo.

"Ukaphunzira udokotala?"

"Iyayi, atsibweni."

"Uloya? Za ulimi?"

"Ndikaphunzira mbiri ya anthu, mabuku, ndi kaganizidwe."

"Kaganizidwe? Ndiye ifeyo pano sitiganiza?"

Anthu anaseka, koma Malizani sanaseke. Nambewe anavomera kuti mwana apite, ndipo ine monga mwini mbumba ndinagamula kuti ng'ombe zigulitsidwe. Zinapita pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, kuyambira zokalamba. Potsiriza zinapita mafule awiri aja. Malizani anaziperekeza yekha kwa wogula, anabwerako ndi chingwe chokha, n'kudzachipachika pa makina anga osokera.

M'chaka chomaliza Filipo analemba kuti pa tsiku lolandira digiri pamafunika mkanjo wakuda, wokhala ndi chovala china cholendewera kumsana, chooneka ngati thumba. Kubwereka kumeneko kunali kokwera mtengo, choncho anajambula chithunzi chake pa pepala. Ndinatenga nsalu yakuda ya bwino koposa m'sitolo ya a Karimu, ndipo m'kati mwa thumba lija ndinaikamo nsalu yofiira monga analangizira. Ndikuchitira umboni popanda kudzikweza kuti pa zonse zimene ndinasoka m'moyo wanga, palibe chimene chinaposa mkanjo umenewo.

Mwanayo anabwerako ndi bokosi la mabuku, mkanjo, ndi pepala la digiri. Pomwepo ndinayamba kulemba makalata omupemphera ntchito. Ndinkawapereka pamanja ndekha, nditavala jekete ndi tayi, kotero kuti anthu a pa msika anazolowera kundiona ndikuwoloka mlatho kukalowa m'maofesi a azungu. Chonde sungani mfundo imeneyi, pakuti ibweranso. Mayankho anali amodzimodzi: malo oyenera munthu wotere palibe. Kwina anati angamulembe kuti azimata masitampa. Kwina anandiuza pamaso kuti munthu wakuda amene wawerenga mbiri ndiye woyambitsa chisokonezo. Filipo, m'malo mokhala ndi nkhawa monga ine, ankayenda m'midzi ndi m'mphepete mwa msika kufunsa okalamba mmene makolo ankaweruzira milandu, n'kumalemba. Malizani atamva zimenezi anati, "Tagulitsa khola lonse kuti mwana akaphunzire zimene nkhalamba zimanena zaulere pa mowa."

Chaka chimenecho mvula inavuta. Kumudzi nkhokwe zinali zopepuka, msonkho unkafunika, ndipo munalibe ngakhale kamwana ka ng'ombe m'khola koti n'kugulitsa. Malizani anali atalembedwa ganyu yoyendetsa ngolo ya munthu wina, kukwapula ng'ombe za eni pamene zake zinadyedwa ndi mabuku. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi kumudzi, ndinapempha Filipo kuti avale mkanjo uja kuti mbumba ione chimene ng'ombe zake zinagula. Ndinkayesa kuti mitima izizira. Mwanayo anakana, koma ndinamukakamiza.

Malizani anafika anthu atazungulira. Anagwira mkanjowo pa phewa n'kuukoka mwamphamvu mpaka unang'ambika kutsika mpaka m'chiuno, ndipo Filipo anagwa chagada. Ine ndinalowa pakati. Mng'ono wanga, amene ndinamubereka kumsana ali khanda, anatola mpini wa khasu n'kundimenya nawo pakamwa. Ndinamva mano akuthyoka ngati nthochi yaiwisi. Anandimenyanso m'nthiti, ndipo nditagwa anapitiriza ndi chidendene. Anasiya chifukwa Nambewe anadzigwetsa pamwamba panga akufuula kuti, "Ipha ine, Malizani! Mwanayo ndinabereka ndine!" Chitenje chake cha kutchalitchi chinanyowa ndi magazi anga. Pa anthu onse amene anaona, palibe amene anadzudzula Malizani. Akuluakulu anangoti, "A Mbewe, munthu sadya pepala."

Abale okondedwa, kuyambira tsiku limenelo ndinalowa mu mdima. Ndinkagwada kupemphera koma mawu ankathera m'kamwa mopanda manomo. Ndinkafunsa Mulungu ngati ndinamva bwino pamene ndinkayesa kuti akunditsogolera. Filipo ankandiyang'ana ndi manyazi, ine ndinkamuyang'ana ndi manyazi, ndipo tinkadya osalankhulana. A Karimu, pomumvera chisoni, anamupatsa ntchito yophunzitsa ana awo Chingelezi kunyumba kwawo, malipiro ake chakudya cha masana. Mkanjo wong'ambika uja ndinapita nawo ku tauni kuti ndiusoke. Ndinaupachika pa msomali pa khonde, thumba lake likulendewera, kufiira kwa m'kati kukuonekera. Koma mtima wougwira ndinalibe, choncho unakhala pamenepo masiku ambiri, anthu akudutsa n'kumauyang'ana.

Tsopano ndiyenera kufotokoza za chifwamba. M'masiku a Chitaganya munafala mbiri yakuti kuli anthu akuda olembedwa ntchito ndi azungu kuti azigwira anzawo, kuwaphimba kumutu, n'kukawapereka kuti aphedwe ndi kuikidwa m'zitini ngati nyama. Anthu amenewa ankatchedwa achifwamba. Lero mukhoza kuseka, koma nthawi imeneyo munthu ankakana nyama ya m'chitini ngakhale ali ndi njala, ndipo mlendo wofunsa njira ankathawidwa. Ine ndinkamva mbiri zimenezi tsiku ndi tsiku pa khonde, osadziwa kuti anthu akuyeza mawu awo pa ine.

Mmawa wina msika utadzaza, mayi wina wogulitsa nyemba, dzina lake Nagama, anabwera akulira kuti amuna ake, a Zuze, asowa. Anafunafuna kwa abale, ku chipatala, m'malo a mowa, osawapeza. Sindidziwa amene anayamba kuloza khonde langa. Chimene ndinamva ndi mawu a mwamuna akuti, "Telala uja amalowa kwa azungu! Taonani chovala chake, chili ndi thumba lophimbira anthu kumutu! M'kati anaikamo zofiira kuti magazi asamaoneke!" Ndinaimirira kuti ndifotokoze. Mwala woyamba unandipeza pa khutu ndisanamalize mawu akuti zikomo.

Ndikupepesa kwa amayi ndi ana pa zimene ndilembe apa, koma umboni wobisa mabala si umboni. Anakwera pa khonde ngati madzi osefukira. Kumbuyo kwanga ndinamva a Karimu akutseka chitseko cha sitolo ndi mpiringidzo, ndipo ndinati mumtima, watha munthu. Anagubuduza makina anga. Amuna awiri anazula mutu wa makinawo, chitsulo cholemera chija, wina anaponda mkono wanga pa simenti, ndipo anachigwetsera pa dzanja langa lamanja. Anachinyamula n'kuchigwetseranso. Mafupa analira ngati nkhuni zouma. Wina anatenga simbi yanga ya makala, ili yamoto, n'kundisita nayo pamsana malaya ali pomwepo, ndipo ndinamva fungo la thupi langa likupsa. Amayi amene ndinawasokera madiresi a ukwati ankandiponya zidutswa za njerwa. Sindikuwatchula maina, pakuti ena a iwo tinadzakhala nawo pa mgonero pambuyo pake.

Kenaka wina anafuula kuti, "Ku mlatho!" Anandigwira miyendo n'kuyamba kundikoka pa msewu wa miyala, mutu ukugunda pansi. Kutsogolo mnyamata wamkulu ananyamula mkanjo uja pa nsungwi ngati mbendera. Wotsogolera onse anali mwamuna wina wopha ng'ombe pa msika, atagwira mpeni wake wa ntchito. Pafupi ndi mlatho, ndi diso limodzi limene linali likuonabe, ndinaona ngolo itaima chifukwa cha khamu, ndipo pamwamba pake panaimirira Malizani ndi chikoti m'manja. Maso athu anakumana. Iye anatembenuzira nkhope kumbali.

Pamenepo ndi pamene ndinapemphera pemphero lalifupi koposa m'moyo wanga. Sindinapemphe moyo. Ndinati, "Ambuye, ngati ndinalakwa pa ng'ombe zija, ndalipira. Koma ngati sindinalakwe, ndionetseni ndisanafe." Anandigwetsa m'mbali mwa mlatho, ndipo ndinkamva madzi akuyenda pansi.

Ndinamva belu la njinga. Pambuyo pake ndinadziwa kuti a Karimu atatseka kutsogolo anatulukira kumbuyo, anathamanga wapansi mpaka kunyumba kwawo, n'kupereka njinga yawo kwa Filipo. Mwanayo atafika sanathamangire kwa ine, ndipo poyamba zimenezi zinandipweteka. Anapita kwa mnyamata wa nsungwi uja, anatsitsa mkanjo, n'kuuvala onse akuona. Anakoka thumba lija n'kudziphimba nalo kumutu, kenaka analibwezera kumsana. Atatero anakhala pansi pa fumbi, pakati pa ine ndi mtsinje, n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu monga amachitira munthu wofika pa bwalo.

"Zikomo Aphiri. Zikomo Abanda. Zikomo Anagama, eni maliro. Makolo athu sankaweruza mlandu choimirira. Ngati uwu ndi mlandu, tikhale pansi. Ngati ndi kupha nyama, pitirizani, koma muyambe ine, pakuti mkanjowu ndi wanga."

Mwala unamugunda pamphumi. Magazi anatsika mpaka pa chibwano, koma sanawapukute, ndipo sanaleke kuwomba m'manja. Ine ndinkayembekeza kuti awauza kuti ndi mbuli, pakuti ndi zimene ine ndikanawauza. Iye sanatero. Anawauza kuti mantha awo si opusa. Anati m'dziko lomwelino agogo athu ankagwidwadi, kumangidwa m'goli, n'kuyendetsedwa mpaka kunyanja kukagulitsidwa. Anatchula midzi ya kuno imene inatha anthu, ndi madambo amene ogwidwawo ankagonekedwa, zonse monga anamuuzira okalamba aja ndiponso monga anaziwerengera ku koleji. Anati mtundu umene unaonapo zotere uli ndi chifukwa chogonera diso limodzi. Mkulu wina wogulitsa mphasa, atamva dzina la mudzi wa amayi ake, anakhala pansi. Wina anakhalanso. Sanakhale onse, koma phokoso linatsika.

Kenaka Filipo anatembenukira kwa mayi wolira uja, ndipo anafunsa mofatsa, funso limodzi pa nthawi.

"Anagama, pepani. Bulangeti la a Zuze lilipo kunyumba?"

"Palibe."

"Chitupa chawo?"

"Ndinafuna, palibe."

"Nanga njinga yawo ija?"

"Anagulitsa sabata yatha. Anati akufuna kugula malata."

"Malatawo munawaona?"

Mayiyo anapukusa mutu.

"Amayi, ine za achifwamba sindidziwa zambiri. Koma kodi amadikira munthu kuti agulitse njinga ndi kupinda bulangeti?"

Mkulu wa mphasa uja anang'ung'udza kuti, "Ameneyo wakwera galimoto ya ku Joni." Anthu ena anayang'anana, pakuti aliyense ankadziwa amuna othawira ku migodi osatsanzika akazi awo. Koma wopha ng'ombe uja sanafune kuti ntchito yake ithere panjira. Analoza ndi mpeni n'kunena kuti, "Nanga thumbalo? Nanga kung'ambikako? Si munthu ameneyo ankalimbana pogwidwa?"

Filipo anakweza mawu osatembenuka. "Atsibweni a Malizani, muli pa ngolopo. Tauzani anthuwa amene anang'amba mkanjowu."

Ndikanamumvetsa Malizani akanakhala chete, pakuti kuyankha kunali kudziphatika ku banja la munthu woganiziridwa chifwamba. Kenaka ndinamva phazi lake likutera pansi, ndipo khamu linamupatukira chifukwa cha mapewa aja.

"Ndinang'amba ndine," anatero. "Mano a mkuluyu ndinagulula ndine. Chinsanza chimenechi ndimachidziwa bwino. Chinadya khola lathu lonse, mpaka mafule anga awiri. Koma munthu sichinadyepo. Chilibe nzeru zimenezo."

Mayi wina kumbuyo anaseka mosafuna, ndipo kuseka kunayenda m'khamumo. Ndaona m'moyo wanga kuti anthu akaseka pamodzi, mkono wogenda umalemera. Anatsala wopha ng'ombe yekha ndi anzake ochepa, ataima pamwamba panga. Kwa iwowa Filipo ananena mawu otsiriza, ndipo sanawanene mofatsa.

"Chabwino. Amene akufuna kumaliza abwere yekha, osati m'gulu. Atchule dzina lake ndi la amayi ake, kuti chirope chidziwe khomo lolowa."

Kwa amene simudziwa, chirope ndi misala imene makolo ankati imagwira munthu wokhetsa magazi a mnzake, n'kulowa mpaka m'nyumba mwake. Ine monga Mkhristu sindikuphunzitsa zimenezi, ndipo ndikupempha akulu a mpingo kuti asandimve molakwa. Ndikungochitira umboni kuti mwanayo ankadziwa chimene anthu ake amaopa kuposa apolisi, ndipo ankadziwa kuti khamu lilibe dzina koma munthu ali nalo. Palibe amene anatchula dzina la amayi ake. Wopha ng'ombe uja anapukuta mpeni wosadetsedwa pa buluku lake, analavula pansi, n'kubwerera ku msika. Ena anamutsatira mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana kwina ngati wangodutsa.

Pamenepo ndi pamene Filipo anakwawira kwa ine, koma kundinyamula yekha sakanatha. Anandinyamula ndi Malizani. Anandigoneka pa ngolo ya eni ija, pamwamba pa mitolo ya fodya wa eni, anandifunditsa mkanjo wong'ambikawo, n'kukwapula ng'ombe kulunjika ku chipatala. Njira yonse ananena mawu amodzi okha: "Akulu, musafere pa fodya wa anthu, andilipiritsa."

Ndinagona m'chipatala nthawi yaitali. Pamsana panapola, ndipo chithunzi cha simbi chilipo mpaka lero. Dzanja linapola chopindika, kotero kuti utelala unathera pomwepo. A Karimu anabwera kudzandiona n'kupepesa chifukwa cha chitseko chija, ine ndinawathokoza chifukwa cha njinga. Nditatuluka ndinaphunzitsa dzanja lamanzere kugwira cholembera, ndipo ndinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi positi, kulembera ndi kuwerengera anthu makalata. Tsiku lina kunabwera mayi atanyamula nkhuku ndi envulopu ya sitampa ya kunja. Anali Nagama. Anagwada patali, anaika nkhuku pansi, ndipo anandipempha kuti ndimuwerengere kalata yochokera kwa a Zuze ku migodi. Ndinamuwerengera. Yankho lake ndinalembanso ndine, ndi dzanja lamanzere, iye akulira osatha kuyang'ana lamanjalo.

Tsopano ndifike pa funso limene makolo mumandifunsa, lakuti kodi maphunziro otere ndi oyenera mtengo wake. Sindikufuna kukunamizani. Ng'ombe sizinabwerere. Khola lija linagwa, ndipo pamalo pake Nambewe anadzalapo maungu. Filipo sanagule galimoto. Patapita nthawi analembedwa uphunzitsi, ndipo anakalamba akuyenda pa njinga, anthu akumutsekera njira ndi milandu ya malire a minda ndi ya maukwati, imene ankaimva kwaulere mpaka akazi ake kudandaula. Ana ena a Nambewe anagona ndi njala m'zaka zimene mkaka ndi ngolo zikanawathandiza, ndipo zimenezi sindiziiwala. Akanaphunzira udokotala, mwina akanawongola dzanja langali. Koma dokotala akanandipeza pansi pa mlatho, ndipo ntchito yake ikanakhala yolemba chimene chinandipha.

Malizani ndi ine tinagwirizananso, ngakhale kuti pa nkhani ya ng'ombe sanasinthe maganizo mpaka imfa yake. Akudwala matenda ake otsiriza ndinapita kukamuona, ndipo anandiuza kuti, "Akulu, mtengo unakwera. Khola lonse kugula tsiku limodzi." Ndinavomera kuti ndi zoona, linagula tsiku limodzi. Koma ndinamukumbutsa kuti masiku onse amene ndakhala ndi moyo kuchokera pamenepo, ana amene ndinabereka pambuyo pake, ndi zidzukulu zimene zikusewera pakhomo panga, zonse zinatuluka m'tsiku limodzi limenelo. Iye anati, "Komabe mafule aja mukanasiya." Tinaseka, ine ndi m'kamwa mwanga mopanda mano, iye ndi chifuwa chake.

Chotero ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa pa mlatho, amene sanatumize apolisi kapena mngelo, koma anatumiza chinthu chomwecho chimene mbumba yonse, ndi ine ndemwe, tinali titachitcha chitayiko. Ndikuthokozanso mlongo wanga Nambewe amene anagona pa ine, a Karimu ndi njinga yawo, ndi mng'ono wanga amene anatsika pa ngolo. Kwa inu makolo amene mwana wanu wabwerako ndi pepala ndipo akungokhala pakhomo, ndikukupemphani mwaulemu kuti musafulumire kumutemberera, ndipo musaleke kupemphera ngakhale mawu akuthera m'kamwa. Sindikukulonjezani kuti chuma chanu chidzabwerera, pakuti changa sichinabwerere. Ndikungonena kuti Mwini nthawi amadziwa tsiku limene chinthu chidzafunike, ndipo sauza munthu pasadakhale.

Mkanjo uja ulipo m'bokosi mwanga. Sunasokedwe, pakuti telala wake analibenso dzanja, ndipo Filipo anakana kuti wina augwire. Amene akukayika za umboni uwu ali ndi ufulu wofika kunyumba kudzauona, kung'ambika kwake ndi madontho ake.

Ndatha ine wanu womvera mwa Ambuye,

Simiyoni Mbewe